Denga ndi lako, koma waya ndi wa tonse

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, chifukwa mwa anthu amene ndikufuna kuwadzudzula pano, ine ndine mmodzi.

M'chaka cha 2023, pamene ku South Africa magetsi adazimitsidwa mosinthanasinthana kwa masiku oposa 300, ife oika sola tinkatsika denga lino n'kukwera linalo, nthawi ya nsima osaiona. Tsiku lina kasitomala wa mumsewu wina kumpoto kwa Johannesburg adandiimbira foni ali wolusa. Inveta yomwe tidamuikira inkazima masana aliwonse dzuwa likafika paliwombo, n'kuyakanso pakapita kanthawi, kenaka n'kuzimanso. Nditafika ndidapima voteji pabokosi lake n'kupeza kuti yadutsa 253. M'dzikomo voteji ya m'nyumba imayenera kukhala 230, ndipo imaloledwa kukwera kapena kutsika ndi 10 peresenti yokha. Choncho inveta ija sidalakwe kanthu. Idaona kuti malire adumphidwa, ndiye idadzichotsa pawaya monga idapangidwira. Mumsewumo nyumba zambiri zidali zitaika sola, zonse zikulendewera pa thiransifoma imodzi, ndipo masana eni ake amakhala ali kuntchito, magetsi n'kusowa wowadya.

"Bwana, makina anuwa alibe vuto, ndi mawaya a mumsewu amene akhuta," ndidatero. Iwo adandiyankha kuti adalipira ndalama zambiri ndipo sadandiitanire sukulu. Ndidalowa m'menyu ya amisiri, ndidalemba pasiwedi yomwe aliyense wa ntchito yathu amaidziwa, n'kukweza malire aja. Inveta idasiya kuzima, bwana adandipatsa ya sopo, ndidakwera galimoto. Chimene ndidachita kwenikweni n'chakuti ndidaloleza makina aja kukankha voteji kupitirira muyezo, ndipo voteji imeneyo sidathere pageti la bwanayo. Idalowa m'nyumba iliyonse ya pawaya umenewo, kuphatikizapo tizipinda ta kuseri momwe mumagona antchito, anthu amene ali ndi firiji imodzi yogula pangongole ndipo sola sadzaiika chaka chino kapena cha mawa.

Ndikulemba izi chifukwa m'maiko athu muno nkhani ya malamulo atsopano a mainveta yafika, ndipo ndikumva anzanga, makasitomala ndi ogulitsa akuitukwana ndi mawu omwe ine ndinkalankhula. Akuti ndi njira yodyera ndalama za anthu. Akuti denga ndi langa, dzuwa ndi la Mulungu, khonsolo ikulowererapo chiyani? Ine ndikuti malamulowa ndi oyenera, adachedwa kale, ndipo amene akuwakana akukana kusenza gawo lawo la katundu amene tonse tidamuvomera tsiku lomwe tidalumikiza nyumba zathu ku gridi. Ndikutinso akuluakulu amene amalemba malamulowa n'kuwasiya papepala, kapena kuwasandutsa geti lotsekera osauka, akulakwa koposa ife.

Inveta ndi bokosi lija limene limalandira magetsi a m'mapanelo, omwe amayenda njira imodzi ngati a m'batire, n'kuwasandutsa magetsi a m'nyumba, omwe amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi. Kugunda kumeneku, 50 Hz, kumayenera kukhala kumodzi pagridi yonse. Makina a ku Cahora Bassa amene akutumiza magetsi m'mizinda ya Mozambique ndi Zimbabwe, makina a ku Kariba, a ku Kafue Gorge ndi a malasha a ku Mpumalanga, onse ayenera kuvina ng'oma ya 50. Magetsi opangidwa akachepa poyerekeza ndi amene akudyedwa, ng'oma imatsika. Akachuluka, imakwera. Ikasuntha kwambiri, makina amayamba kudziteteza podzichotsa, ndipo dziko limagwa mumdima.

Amene mudakulira kumudzi mukudziwa mmene timakwezera denga la nkhokwe. Amuna asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu amalowa pansi pake, aliyense phewa lake. Wina akapunthwa, denga limapendekeka, ndipo chimene chimalipulumutsa n'chakuti enawo amalimbikira kwa kamphindi mpaka mnzawoyo aimenso bwino. Tsono taganizani gulu limene aliyense adalangizidwa kuti denga likangogwedezeka pang'ono, alitaye n'kuthawa. Umu ndi mmene mainveta akale adapangidwira, ndipo adapangidwa choncho molamulidwa. Muyezo wa ku America wa IEEE 1547, umene udatuluka mu 2003, unkafuna kuti makina ang'onoang'ono azidzichotsa msanga gridi ikasokonezeka. Pa nthawiyo zidali zomveka, chifukwa sola idali kamwana kogwira denga ndi chala chimodzi, ndipo kuchoka kwake palibe ankakumva. Lero kamwanako kasenza ngodya yonse.

Germany ndiyo idayamba kulumidwa. Lamulo lakale kumeneko linkati inveta iliyonse yaing'ono izime kugunda kukafika 50.2 Hz. Pofika cha m'ma 2011, akatswiri adawerengera kuti patsiku la dzuwa mamegawati pafupifupi 9,000 akadatha kuzima pa mphindi imodzi, pamene gridi yonse ya maiko a pakati pa Europe idali ndi mamegawati 3,000 okha osungira ngozi yadzidzidzi. Mantha awo adali ndi maziko. Pa 4 November 2006, mzere waukulu wa magetsi wodutsa pamtsinje wa Ems udazimitsidwa kuti sitima ya pamadzi idutse, gridi ya Europe idang'ambika patatu, nyumba pafupifupi 15 miliyoni zidakhala mumdima, ndipo m'chigawo china kugunda kudapitirira 51 Hz. Udali usiku ndipo sola idali isadachuluke. Mu 2012 boma la Germany lidalamula kuti masisitimu a sola oposa 300,000 akonzedwe, ndipo amisiri adayenda nyumba ndi nyumba, famu ndi famu, kwa zaka zingapo, kusintha manambala amene akadatha kuikidwa bwino tsiku loyamba. Ku California nako, pa 16 August 2016, moto wa kutchire wotchedwa Blue Cut udasokoneza mizere ya magetsi, ndipo mamegawati a sola pafupifupi 1,200 adasowa mwadzidzidzi chifukwa mainveta adachita monga adalangizidwira.

Inveta imene masiku ano akuitcha yanzeru ndi imene yaphunzitsidwa kusataya denga. Voteji kapena kugunda zikagwedezeka kwa kanthawi, imalimbikira. Kugunda kukakwera, imachepetsa magetsi ake pang'onopang'ono m'malo mozima. Voteji ya mumsewu ikayamba kukwera masana, imathandiza kuikokera pansi, ndipo zikakanika imadzichepetsa yokha. Gridi ikafadi, imadzichotsa m'masekondi osapitirira awiri, kuti mmisiri amene wakwera polo akukhulupirira kuti waya ndi wakufa asagwidwe ndi magetsi ochokera padenga la munthu. Imathanso kulandira uthenga kuchokera kwa oyendetsa gridi. Izi ndi zimene IEEE 1547 ya 2018 idalemba, zimene California idayamba kufuna pa mainveta atsopano mu September 2017 kudzera mu Rule 21, ndipo zambiri mwa izo zili mu NRS 097-2-1, muyezo wa ku South Africa.

Tsopano kwa inu a "denga ndi langa". Ngati denga ndi lanu, dulani waya wa khonsolo, gulani mabatire okwanira, khalani panokha. Palibe adzakufunsani za inveta yanu kupatula za chitetezo cha m'nyumba mwanu momwemo. Koma ambiri a inu simufuna kudula wayawo, chifukwa mukudziwa kuti kukachita mitambo sabata yathunthu mudzaufuna, ndipo masana mumafuna pothira magetsi otsala. Walira mvula walira matope. Munthu amene waika paipi yake mumjigo wa mudzi sanganene kuti zimene akuthiramo ndi nkhani ya m'banja mwake. Chimene chimandipweteka n'chakuti wovulala woyamba sakhala mwini sola. Inveta yake imadziteteza, ndipo ali ndi inshuwalansi. Amene mababu ake amapsa msangamsanga osadziwa chifukwa chake ndi amene alibe chilichonse padenga.

Kwa inu amene mukuti iyi ndi nkhwangwa ya makampani a magetsi yotetezera ndalama zawo, ndikumvani, ndipo kukayikira kwanu kuli ndi chifukwa. Makhonsolo ambiri ku South Africa amadalira phindu la magetsi poyendetsa ntchito zina, ndipo kasitomala wolemera akaika sola, thumba lawo limabooka. Koma tayang'anani chimene chimachitika kumene inveta yanzeru kulibe. Thiransifoma ikakhuta, kampani imakhala ndi yankho limodzi lokha, kukana aliyense wobwera pambuyo. Oyamba kuika, amene nthawi zonse amakhala a ndalama, amatenga malo onse, ndipo mphunzitsi amene wakhala akusunga ndalama zaka zitatu amauzidwa kuti mzere wadzaza. Ku Hawaii zidafika pamenepo, anthu ambiri pachilumba cha Oahu akudikirira chilolezo, ndipo chimodzi mwa zimene zidatsegula njira n'chakuti mu 2015 kampani ya Enphase idasintha kachitidwe ka timainveta pafupifupi 800,000 kudzera pa intaneti, popanda munthu kukwera denga ngakhale limodzi. Inveta yomvera imachititsa kuti waya womwewo unyamule mabanja ambiri. Amene akufuna kuti sola ifike ku Soweto, ku Chitungwiza kapena ku Ndirande ayenera kukhala woyamba kuikakamira.

Kwa inu a mtengo, tinene zoona. Nzeru za inveta zambiri zili m'pulogalamu ya mkati mwake, ndipo mainveta ambiri a makampani odziwika amene ali pamsika lero amabwera nazo kale, chifukwa amagulitsidwanso ku Europe ndi ku Australia. Amene amataya pa lamuloli ndi wogulitsa makina opanda satifiketi, aja amafika m'makontena ndi dzina limene chaka chamawa silidzakhalaponso. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndaona ndi maso anga makatoni a mainveta otere akukwezedwa m'matirela a mabasi opita ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka. Dziko limodzi likakhwimitsa lamulo, katundu wokanidwa sabwerera kumene adachokera. Amapita kumene kulibe wofunsa.

Apa ndiye pali nkhawa yanga yaikulu. Malinga ndi mawerengero a Eskom, sola ya pamadenga ku South Africa idachoka pa mamegawati osakwana 1,000 mu March 2022 n'kupitirira 4,000 pakati pa 2023. Yambiri mwa iyo idaikidwa mwachangu, ndi anthu ngati ine, ndipo yambiri sidalembetsedwe kulikonse. Zimbabwe idakhazikitsa malamulo olola anthu kubweza magetsi ku gridi mu 2018, Zambia idatero mu 2024, chaka chimene chilala chidaphwetsa Kariba. Gridi ya Malawi ndi yaing'ono, moti namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, dziko lonse lidamva kuwawa kwa miyezi yoposa khumi ndi iwiri. Gridi yaing'ono imagwedezeka msanga, ndipo ikagwedezeka sifunika mainveta othawa. Germany idali ndi chuma chotumizira amisiri kukakonza masisitimu 300,000. Ife chuma chimenecho tilibe. Mwayi wathu ndi umodzi wokha, wakuti tabwera mochedwa ndipo taona pamene anzathu adagwera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono ndikutembenukira kwa inu akuluakulu a m'maofesi owongolera magetsi, m'makhonsolo ndi m'makampani a boma. Kusindikiza lamulo ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo ambiri a inu mumathera pomwepo. Australia, dziko limene lili ndi sola ya pamadenga yambiri pa munthu aliyense kuposa pafupifupi dziko lina lililonse, idakakamiza muyezo watsopano wa AS/NZS 4777.2 kuyambira pa 18 December 2021. Bungwe loyendetsa gridi la AEMO litafufuza, lidapeza kuti mwa mainveta amene adaikidwa kumayambiriro kwa 2022, osakwana theka ndiwo adali atatcheredwa pa muyezo watsopanowo. Makinawo adali abwinobwino. Amisiri ndiwo ankasankha muyezo wakale m'menyu. Zinthu zidayamba kusintha pamene makampani opanga mainveta adachotsa miyezo yakale m'menyumo ndi kukonza makina ena kudzera pa intaneti. Ngati izi zidachitika kumene mmisiri aliyense ali ndi chiphaso, mukuganiza kuti m'misewu mwathu muli bwanji?

Zimene ndikufuna kwa inu si zambiri. Choyamba, muyezo ukhale umodzi m'chigawo chathu. Maiko a SADC adapanga Southern African Power Pool mu 1995 chifukwa adazindikira kuti gridi siona malire a maiko. Tonse tili pa 50 Hz, tonse tili pafupi ndi 230. N'chifukwa chiyani dziko lililonse, ngakhale khonsolo iliyonse, iyenera kukhala ndi mndandanda wakewake? Mzinda wa Cape Town umasunga mndandanda wa mainveta ovomerezeka umene amisiri a m'mizinda ina amaugwiritsanso ntchito. Mndandanda wotere ukhale wa chigawo chonse, ndipo a kasitomu paboda akhale nawo, kuti inveta yokanidwa ku Durban isalowe pa Mwanza kapena pa Chirundu.

Chachiwiri, musasiye chitetezo cha msewu wonse m'manja mwa mnyamata wotopa amene kasitomala wamuimirira kumbuyo. Ine ndidakweza malire aja chifukwa zidali zotheka. Lamulani kuti inveta yogulitsidwa muno izibwera itatcheredwa kale pa muyezo wathu, ndipo manambala a chitetezo asasinthidwe popanda kusiya chizindikiro cha amene wasintha ndi tsiku lake.

Chachitatu, phunzitsani anthu amene amakweradi madenga. Amene amasaina satifiketi kawirikawiri amafika ntchito itatha. Amene amamanga mawaya ndi kudina mabatani ndife, ndipo ambiri timalankhula Chichewa, Chishona, Chizulu, Chipwitikizi. Palibe adandifotokozerapo chifukwa chake malire ndi 253 kufikira nditadzifufuzira ndekha. Tsamba limodzi m'chilankhulo chathu ndi maphunziro a masiku awiri zikadandiletsa kuchita zimene ndidachita.

Chachinayi, kulembetsa kukhale kotchipa ndi kwachangu. Munthu amene waika mapanelo asanu ndi limodzi asafunsidwe mapepala ndi ndalama ngati akumanga siteshoni ya magetsi. Mukamusungitsa miyezi, amangolumikiza mwakachetechete, ndipo inu mumatsala mukuyendetsa gridi imene simukuidziwa. Amene adaika kale sola m'masiku a mdima apatsidwe mwayi wolembetsa popanda chindapusa. Ndipo ngati makina akale ayenera kukonzedwa chifukwa lamulo lasintha, kumbukirani kuti ku Germany eni masisitimu sadalipiritsidwe okha. Mtengo udagawidwa kudzera m'mabilu a magetsi a onse, popeza phindu lake lidali la onse.

Chachisanu ndiye chovuta, ndipo pamenepa ndimagwirizana ndi okayikira. Inveta imene imamva uthenga wochokera kutali ikhoza kuzimitsidwa kuchokera kutali. Ku South Australia, kuyambira pa 28 September 2020, sola yatsopano ya padenga imayenera kukhala yotheka kuichotsa pagridi pa nthawi ya ngozi. Kumeneko zili ndi chifukwa, popeza masana ena madenga okha amapanga magetsi ofanana ndi amene chigawo chonse chikudya, ndipo anthu ake sadaiwale mdima wa pa 28 September 2016. Koma kumenekonso adapereka china posinthana: kuyambira 2023, m'madera ambiri kasitomala amasankha pakati pa malire okhazikika a makilowati 1.5 ndi malire osinthasintha amene amafika makilowati 10 waya ukakhala ndi malo. Kuno kwathu, kumene anthu adagula sola chifukwa kampani ya magetsi idawakhumudwitsa, kupereka kiyi wa denga lawo kwa kampani yomweyo popanda malire n'kunyoza anthu. Lamulo linene momveka kuti mphamvu imeneyi ndi ya ngozi ya gridi yokha, isagwiritsidwe ntchito potolera ngongole kapena poteteza malonda, ichepetse magetsi opita kunja osakhudza amene banja likudzipangira, ndipo nthawi iliyonse ikagwiritsidwa ntchito zilengezedwe poyera, ola lake ndi chifukwa chake. Popanda zimenezi anthu adzazula waya wa intaneti pa inveta, ndipo ine sindidzawadzudzula.

Ndidabwerera mumsewu uja patapita miyezi iwiri, palibe adandiitana. Ndidauza bwana uja kuti ndidalakwitsa ndipo ndabwera kudzakonza. Ndidabwezera malire pamene adali, n'kuyatsa gawo lija lochititsa inveta kudzichepetsa voteji ikayamba kukwera, limene lidalimo kale m'makinamo koma lili lozimitsa. Ndidawafotokozera kuti masana ena azitaya mayunitsi ochepa, koma inveta izizima mwa apo ndi apo chabe, ndipo ndidawalembera kalata yopita kukhonsolo yopempha kuti adzaone thiransifoma ndi kutsitsa voteji yake. Adandiyang'ana ngati wamisala. Ntchito ina sadandipatsenso. Mayi amene amawachapira zovala adandiperekeza mpaka pageti, ndipo nditawafunsa za firiji yawo adati ikugwira ntchito. Sindikudziwa za nyumba zina za pawaya umenewo, ndipo sindidzadziwa.

Lero kasitomala akandipempha kuti ndikweze malire ndimakana, ndipo amaimbira wina amene savuta. N'chifukwa chake ndikulembera inu amene muli ndi mphamvu zotseka menyu imeneyo. Mapanelo akukwezedwa m'madenga sabata iliyonse kuchokera ku Cape Town mpaka ku Mzuzu, ndipo inveta iliyonse imene ikukhomedwa pakhoma lero idzakhala pamenepo zaka khumi kapena kuposerapo, ndi manambala amene taisiyira.